Mfutso wa Anthu Opanda Dzuwa

"Manje eniake bakamba chani?" anafunsa Womba.

"Akuti ndisaphike."

"Ndiye muphikira ndani?"

"Aa, inunso asisi. Munthu wamkulu akati usaphike, ndiye kuti usaphikedi? Kwanu ku Zambia anakulerani ndani?"

Womba anaseka, nakoka zipi ya jekete mpaka pachibwano. Iye ndi Magdalene anali ataima pageti la a Walter ku Balbriggan, tauni ya kufupi ndi Dublin ku Ireland, pamene ankakumana tsiku lililonse, wina akuweruka wina akulowa. Onse awiri anali a ntchito ya care, yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Womba ankakhala ndi mkuluyo masana, Magdalene madzulo.

"Ine masana nibapasa chabe vija vogula va mu microwave," anatero Womba. "Badya vonse, mpaka kunyambita foloko. Imwe amake Chiku na nkhuku yanu ya mbiri, mbale ibwerera mwamene inayendera. Simuona kuti pali nkhani?"

Mawuwo anafika pamene anawalozetsa. Magdalene anali atasamalirapo okalamba a mitundu yonse, otukwana, oiwala, obisa mano awo m'sokosi, koma anali asanakumanepo ndi munthu wokana nkhuku yake. Nkhukuyo inalidi ndi mbiri. Pa maukwati a Amalawi ku Tallaght, dera lina la Dublin, anthu ankaima pamzere kawiri, kachiwiriko atavula jekete kuti asadziwike.

A Walter anali Mjeremani wa zaka za m'ma eyite, wamtali ngati mlongoti. Anabwera ku Ireland ali mnyamata kudzakonza makina m'fakitale ina, anakwatira mtsikana wa konkuno dzina lake Aggie, ndipo sanabwererenso. Aggie anamwalira chaka chatha. Kuchokera pamenepo thupi la mkuluyo linayamba kutha pang'onopang'ono ngati madzi m'ndowa yobooka. Lamba anabooledwa kabowo katsopano, kenako kena.

Mwana wawo anali mmodzi, Peggy, amene ankakhala ku Citywest, tsidya lina la mzinda wa Dublin. Peggy ndiye anasiya lamulo lakuti bambo ake azilandira chakudya chotentha madzulo aliwonse, monga ankachitira amayi ake. Ndipo Lamlungu lapitalo anali atawonjezera lina. "Sikelo ikatsikanso pakutha kwa mwezi uno, ndikuwatenga. Kuli nursing home pafupi ndi kwathu, akuti malo apezeka." A Walter anangoyankha kuti m'nyumbamo adzatuluka ali m'bokosi, kenako n'kukweza wailesi.

Magdalene anagwirapo ntchito ku nursing home, nyumba yosungirako okalamba, ndipo ankadziwa chimene chimachitikira mwamuna wa shedi yake ndi zitsulo zake akamuika m'kachipinda koyang'ana poimika magalimoto. Sankafuna kuti mkuluyo apite. Ndi makasitomala angati amene amakulanda ambulera yothyoka, mawa lake n'kukubwezera ili yolimba kuposa mmene unaigulira?

Choncho nkhaniyi anaitenga ngati ndagi. Poyamba anaganizira mano, koma anawapeza a Walter akuswa mtedza wouma. Anachepetsa mchere, anawonjezera mchere. Anachotsa tsabola yense mpaka nkhuku inakhala ngati yophikira wodwala zilonda za m'mimba. Anaganizirapo za khungu lake, poti m'maiko muno ganizo limenelo silikhala patali, koma Womba anali wakuda kuposa iye, ndipo mbale za Womba zinkabwerera zoyera. Yankho lokhalo limene sanaliwerengere linali limene mwiniwake ankapereka madzulo aliwonse, momveka bwino, iye akungovula jekete.

"Magdalene, musaphike. Buledi basi."

Magdalene ankamwetulira mwaulemu n'kuyatsa kuka. Kwawo ku Nkhotakota, munthu akati musavutike ndadya kale, ndiye kuti wakulamula kuti uthamangitse nkhuku. Mkazi amene amamvera mawu otere amatchuka ndi umbombo mpaka kwa azilamu a kutali. Komanso chakudya chozizira ndi mkute, ndipo mkute ndi wa m'mawa, wa ana ofulumira kusukulu. Kupatsa munthu wokalamba mkute dzuwa litalowa n'chimodzimodzi kumuuza kuti wachedwa kufa.

"Mwina bafuna vakudya va kwawo," anatero Womba pageti paja.

"Kwawo kuli zakudya?"

Pa nkhani imeneyi Magdalene anali ndi maganizo amene dziko lonse lili nawo. Ajeremani amapanga galimoto zosakalamba ndi mafiliji osatopa, ndipo theka la Amalawi a mu Dublin limagula zinthu m'mashopu awo otchipa. Koma yendani mzinda wonse. Mupeza modyera mwa Ataliyana, mwa Amwenye, mwa Matchaina, mwa Anaijeriya, koma simudzamva munthu amene walandira kumene akuuza mnzake kuti lero tiye tikadzipepese ndi chakudya cha Chijeremani. Abale awo a kumpotoko, Adatchi, Angerezi, a ku Sweden, mbiri yawo ndi yomweyo. Tsiku logawa luso iwo anapatsidwa sipanala, chipande n'kupita kwa ena.

Umboni analinso nawo. Sabata yake yoyamba panyumbapo anapeza mtsuko m'shedi, wovindikira ndi mbale, pamwamba pake mwala. Atavundukula anaona kabichi woduladula akutuluka thovu, fungo lake lokhoza kudzutsa wokomoka. Magdalene anali ndi satifiketi ya ukhondo wa zakudya. Anakhuthula zonse m'bini, mtsuko n'kuutsuka katatu. A Walter anayang'ana mtsuko woyerawo nthawi yaitali, kenako anati, "Anatsala pang'ono kupsa." Kabichi wopsa popanda moto! Magdalene anamva chisoni, n'kuganiza kuti mutu wa mkuluyo wayamba kusokonekera. Buledi wa m'chitini akanatsatira njira yomweyo, wakuda bii, wolemera ngati njerwa, wonunkhira mowawasa, koma a Walter anachikumbatira chitinicho ngati khanda.

"Imwe ba kondowole mukambe za kununkha?" anatero Womba Magdalene atamukumbutsa za kabichiyo. "Chinangwa chanu chija muviika mpaka na agalu basamuka? Nanga tsiku lija munakazinga usipa ku flat, landlord sanaitane wokonza mapaipi?"

"Zija n'zina, asisi. Chinangwa chimanunkha ndi cholinga."

"Oho. Yendani mukaphike, nkhuku ya bini ikuyembekezani."

Lachinayi la sabata imeneyo kunabwera chimphepo chochokera kunyanja, cha mtundu uja umene a zanyengo kuno amaupatsa dzina la munthu ngati mlendo wolemekezeka. Magdalene atangoika anyezi pathabwa, magetsi anathima msewu wonse. Kuka inali ya magetsi. Kwawo magetsi akathima munthu amangotulutsa mbaula, moyo n'kumapitirira. Kuno dziko lonse limangoti manja lende, kudikira uthenga pafoni.

Anayatsa kandulo, napita kwa a Walter manja ali kumbuyo ngati mwana amene waswa kapu.

"Bambo, mundikhululukire. Lero sinditha kuphika. Ndithamange kaye kumsewu, mwina wa tchipisi uja ali ndi gasi."

A Walter anadzuka pampando mofulumira kuposa mmene Magdalene anawaonerapo. Nkhope yawo inali ngati ya mwana amene wamva kuti aphunzitsi adwala.

"Simupita kulikonse. Kabati yapansi, kuseri kwa mapoto, muli timatabwa tiwiri. Tulutsani."

Tinali timatabwa tosalala, kukula kwake ngati chikhatho cha munthu wamkulu ndi theka, todzaza ndi zipsera za mpeni. A Walter anaika kena kutsogolo kwawo, kena kutsogolo kwa mpando wa Magdalene. Anadula njerwa ija m'magawo opyapyala. M'filiji yozimayo anatulutsa batala, tchizi, soseji yowamba ndi botolo la nkhaka zoviika m'madzi owawasa, zinthu zimene Womba ankawagulira ku shopu ya Apolishi, zimene Magdalene ankazikankhira kumbuyo kuti mapoto ake apeze malo. Batala anamupaka mpaka m'mphepete mwenimweni, mosamala ngati akupenta chitseko cha bwana.

"Khalani pansi."

"Ine ndili pantchito, bambo."

"Ntchito yake iti? Khalani."

Magdalene anakhala, theka la thupi lili pampando theka lili m'malere. A Walter anayamba kudya. Gawo loyamba linatha, lachiwiri linatsatira. Lachitatu anaikapo soseji ndi nkhaka. Magdalene analeka kuwerenga, n'kumangoyang'ana kholingo likukwera ndi kutsika.

"Kwathu chakudya chamadzulo dzina lake ndi buledi wamadzulo," anatero mkuluyo akupukuta pakamwa. "Chotentha timadya masana, thupi likugwira ntchito. Madzulo moto umapuma. Aliyense amadzikonzera pathabwa pake. Mayi amakhala pansi ngati wina aliyense."

"Mayi amakhala pansi?"

"Amakhala pansi."

Magdalene anaganizira zimenezi. Chiyambire ali kamtsikana kongofika pachitofu, sankakumbukira madzulo amodzi amene dzuwa linamulowera ali chikhalire. Sanafune kuvomereza msanga kuti mtundu wopanda chipande ungatulukire chinthu chanzeru chotere m'khitchini, choncho anatenga gawo lake n'kuluma.

Buledi uja anabwezera. Sanali wa mtundu umene umasungunuka ukangouona, ankafuna kukambirana kaye ndi nsagwada. Nkhaka inamukoka makutu onse awiri. Koma soseji inali ndi utsi, utsi weniweni wa nkhuni, womwe uja wa mlamba wowamba, ndipo zitatuzo zitakumana mkamwa zinagwirizana ngati anthu odziwana kalekale. Sanganene kuti zinali zokoma. Anangozindikira kuti dzanja lake latenga gawo lina iye asanalitume.

"Koma bwanji zonse n'zowawasa, zamchere, zautsi? Kwanu chakudya chatsopano munachilakwira chiyani?"

A Walter anaseka. Anafotokoza kuti kumudzi kumene anabadwira nthaka imauma gwaa ndi chisanu pafupifupi theka la chaka, osamera kanthu ngakhale udzu. Chimene sunasunge sudya. Nkhumba ankapha chisanu chikuyamba, n'kuiwamba pa utsi. Mkaka unkasanduka tchizi. Nkhaka ndi kabichi zinkalowa m'mitsuko ndi mchere. Buledi ankaphika wa ufa wakuda wowawasa chifukwa ndi amene amakhala masabata osachita nkhungu.

"Ndiye ndi mfutso," anatero Magdalene.

"Ndi chiyani?"

"Mfutso. Nthawi ya dzinja masamba amachuluka, nkhwani, chitambe. Timawafutsa pang'ono n'kuyanika padzuwa, kuti chilimwe tisagone ndi njala. Alendo a m'tauni amaunyoza, amati ukununkha chikwatu. Ife tili ndi dzuwa, timayanika. Inu dzuwa mulibe, ndiye mumathira mchere n'kudikira."

Atangotero, mtsuko uja unamubwerera m'mutu, woyera, wotsukidwa katatu. Anaika buledi pansi.

"Kabichi uja, bambo."

"Anali bwinobwino."

Ankanunkha ndi cholinga, anadziuza Magdalene, ndipo anathokoza kuti Womba palibe.

"Nanga bwanji simunandiuze kuti madzulo simufuna zophika?"

A Walter anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndimakuuzani tsiku lililonse."

"Ine ndimayesa ulemu."

"Ulemu? Kunena chimene sukutanthauza ndi ulemu? Kwathu munthu akati ayi, ndiye kuti ayi."

"Ndiye mumadziwa bwanji kuti uyu analeredwa bwino?"

"Amafika pa nthawi yake."

Anaseka onse awiri, mphepo ikugwedeza mawindo. Ndipo chifukwa kandulo imamasula lilime kuposa babu, Magdalene anafunsa chimene masana sakanafunsa.

"Nanga malemu mayi, ankakukonzerani zimenezi?"

A Walter anayamba kutola nyenyeswa pathabwa ndi chala. Anati sabata yoyamba ya ukwati wawo anatulutsa timatabwa tomweti, mphatso ya amayi awo, n'kuuza Aggie kuti madzulo asamavutike ndi moto. Aggie analira, anathamangira kwa amayi ake kukanena kuti Mjeremani uja wakana chakudya chake. Apongozi anabwera okha, ambulera ili m'manja ngakhale kunalibe mvula. Timatabwa tinalowa kuseri kwa mapoto tsiku lomwelo.

"Aggie ankadziwa kuimba," anatero. "Ankavina mpaka nsapato kutha. Ankatha kuseketsa anthu pamaliro, wansembe yemwe. Koma kuphika, Magdalene. Kabichi ankamuika pamoto popita ku Misa yoyamba, kumuphula anthu akubwera ku yachiwiri. Nyama, mbatatesi, kabichi, zonse zinkafika patebulo zili mtundu umodzi, mtundu wa thambo la kuno. Kabichi wanga munataya uja ankanunkha ali moyo. Wa Aggie ankanunkha atamwalira."

"Koma munkadya."

"Mbale yonse, madzulo aliwonse. Anali atakhala apo, akundiyang'ana." Analoza mpando umene Magdalene anakhalapo. "Tsopano ndidyere ndani?"

Magdalene anangoona kuti munthu yemweyu, amene amati kwawo ayi ndi ayi, anali atanama ndi foloko zaka zoposa makumi anayi, ndipo bodza lake linali laulemu kuposa onse a ku Nkhotakota ataphatikizidwa.

"Peggy asamve zimenezi," anatero a Walter. "Kwa iye amayi ake anali katswiri wa kuphika mu Ireland monse. Musiyeni nazo."

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zinasintha mwakachetechete. Nkhuku yake Magdalene ankaiphikabe, koma ankaisiya m'filiji kuti Womba aitenthetse masana. Tsiku loyamba Womba anamudikira pageti ali ndi mbale m'manja, n'kuitembenuza kuti aone. Munalibe ngakhale msuzi.

"Bafunsa ngati ilipo ina. Bakuti muikemo na tsabola. Mbiri yanu yabwera, amake Chiku, lekani kuyenda monga wamasiye."

Madzulo kunali timatabwa. Sizinali zophweka. Manja a Magdalene ankayabwa five koloko ikakwana, ndipo ankadutsa pafupi ndi kuka ngati munthu wodutsa pakhomo pa mnzake amene anayambana naye. Tsiku lina anayesa kulowetsa buledi uja mu toaster kuti angofundako pang'ono. A Walter anamuyang'ana ngati wamenya mwana wa eni. Pamapeto pake anagwirizana pa tiyi. "M'nyumba muzituluka nthunzi ina yake, bambo, anthu angayese simukhala munthu."

Anayambanso mtsuko wina. A Walter ankadula kabichi ndi kuyeza mchere, Magdalene ankasinja ndi chimtengo mpaka madzi atuluke. Mkuluyo anati m'moyo wake wonse sanaonepo Mjeremani wosinja chotero. Magdalene anati n'zosadabwitsa, anthu osadziwa mtondo. Mtsukowo anauika pakona pa khitchini, poti m'shedi munali mutazizira kwambiri, ndipo patapita masiku unayamba kulengeza za kukhalapo kwake.

Peggy akaimba foni, Magdalene ankangoti, "Akudya." Sikunali kunama. Kungoti choonadi anachidula mopyapyala ngati buledi uja.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachitatu lina, mwezi utatsala pang'ono kutha, kiyi anatembenuka pachitseko nthawi ya chakudya chamadzulo. Peggy sankabwera pakati pa sabata. Analowa ndi jekete lake la ku ofesi, akulankhula asanafike n'komwe kukhitchini.

"Adadi, a ku nursing home aja aimba. Chipinda chapezeka, koma akufuna yankho mawa, apo ayi apatsa wina. Ndiye ndati ndibwere ndekha kuti ti..."

Anaima pakhomo. Anaona bambo ake ali ndi kathabwa kutsogolo, buledi wakuda, nkhaka ziwiri. Anaona wantchito atakhala pansi ndi kathabwa kakenso. Anayang'ana kuka. Inali yozizira, yopukutidwa bwino, pamwamba pake pali mphika wa maluwa.

"Magdalene, ichi n'chiyani?"

Magdalene anaimirira. "Ndi chakudya chamadzulo, mayi."

"Ndinanena chotentha. Ndinanena momveka. Munthu akutha thupi, inu mukumupatsa buledi wouma pathabwa ngati mkaidi? Zayamba liti zimenezi?" Anakweza mphuno. "Ndipo chikununkha n'chiyani muno?"

"Kabichi," anatero a Walter monyadira. "Watsala pang'ono."

"Mwaona? Mwaona zimene ndimanena? Mawa ndiimbira ofesi yanu, Magdalene, pepani. Ndipo adadi, chipinda chija tikutenga."

Magdalene anaona njira ziwiri, zonse zaminga. Akakhala chete, mawa kubwera wantchito wina womvera malamulo, kapena galimoto yodzatenga masutikesi. Akalankhula, ndiye kuti afukula malemu Aggie pamodzi ndi kabichi wawo pamaso pa mwana wawo. Anayang'ana a Walter kuti amuthandize. A Walter anali kupaka batala, mpaka m'mphepete.

"Mayi," anatero Magdalene, "kwathu mlandu saweruza ali chiimire. Khalani pansi kaye. Musanene kanthu, ingoyang'anani. Mukatha kuyang'ana, foni ya ku ofesi ndikuimbirani ndine."

Mwina kunali kutopa ndi msewu, mwina mawu a munthu amene analera ana ndi okalamba omwe. Peggy anakhala, chikwama chili pamiyendo. A Walter anamaliza gawo limene linali m'manja. Anatenga lina, anaikapo tchizi. Linatha. Anatenga lina, soseji ndi nkhaka. Ankatafuna mosafulumira, maso ali patsogolo, ngati munthu amene akupereka umboni m'khoti. Peggy ankatsatira dzanja lawo kuchoka pathabwa kupita pakamwa, ndipo chikwama chija chinatsetsereka pang'onopang'ono mpaka pansi.

"Amadya chonchi tsiku lililonse?"

"Masana amadyanso nkhuku ndi mpunga. Ya tsabola."

"Adadi sadya tsabola."

"Sanandifunsepo munthu," anatero a Walter.

Peggy anadzuka, anakwera kubafa, n'kubwera ndi sikelo. Anaiika pakati pa khitchini.

"Kwerani."

A Walter anakwera, buledi ali m'manja.

"Tsitsani njerwayo, adadi, ikuwonjezera."

Anapatsira Magdalene. Onse atatu anaweramira pansi. Manambala anavinavina, kenako anaima. Peggy anawatsitsa, anaigwedeza sikeloyo, anawakwezanso. Manambala anabwerera pomwe paja. Sanali ochuluka oti n'kuimbira nthungululu, koma kwa nthawi yoyamba chimwalirire Aggie anali atakwera m'malo motsika. A Walter anakweza juzi n'kuonetsa lamba. Kabowo komaliza kaja kanali katapuma pantchito.

Peggy anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi manja. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo Magdalene sanadziwe ngati akulira kapena akuseka mpaka atachotsa manjawo, n'kupezeka kuti n'zonse ziwiri.

"Chabwino," anatero akupukuta m'maso. "Chabwino. Simupita kulikonse. Mawa ndiwauza chipinda apatse wina. Idyani njerwa zanu. Magdalene, mundikhululukire, ndinalankhula ndisanaone."

"Palibe kanthu, mayi. Inenso kabichi woyamba ndinataya."

Magdalene anamva mtima ukutsika kubwerera pamalo pake. Ndagi yamasuka, mkulu watsala pakhomo pake, ndipo malemu sanagwedezedwe m'manda. Anatsuka kathabwa kake msangamsanga n'kukaika kutsogolo kwa Peggy, nayatsa ketulo. A Walter, chimwemwe chitawakwera mpaka m'makutu, anadulira mwana wawo gawo, analipaka batala, anasanjapo tchizi ndi nkhaka. Peggy analuma, anatafuna nthawi yaitali, nkhope ikusinthasintha.

"Si zoipa," anatero modabwa. "Zikufuna mano, koma si zoipa. Timatabwati sindinationepo. Mwayamba liti kukonda zimenezi, adadi?"

"Kuyamba?" anatero a Walter, mkamwa muli modzaza. "Chibadwire! Ichi ndiye chakudya chamadzulo, mwana wanga. Zophikaphika zija madzulo ine sizinandilowepo, ndinkangomeza kuti..."

Anaima. Nsagwada zinaleka kuyenda. Magdalene anatembenukira kwa ketulo n'kuyamba kuiyang'anitsitsa ngati ndi chinthu chimene sanachionepo chibadwire. Pakona paja mtsuko unatulutsa kathovu kamodzi, kakuti phwi.

Peggy anaika buledi pathabwa pang'onopang'ono. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana msana wa Magdalene, anayang'ananso bambo ake.

"Adadi," anatero. "Kodi amayi ankadziwa kuphika?"